Mumati Chingerezi mumachidziwa. Mpaka pati?

Mukadzalemba MSCE n'kuyamba kusakasaka ntchito, malo kukoleji kapena thandizo la fizi, mudzakumana ndi mafomu ambiri. Pa mafomu ena pamakhala kabokosi kofunsa ziyankhulo zimene mumadziwa, ndipo pambali pake pamakhala kampata koti munene kuti mumazidziwa motani. Ambiri pamenepa saganiza kawiri. Amangolemba kuti Chichewa, fluent, Chingerezi, fluent. Amene analawako Chifalansa mu Fomu 1 amaikaponso chimenecho kuti pepala lioneke lodzaza. Vuto limadzabwera tsiku la intavyu. Abwana afunsa funso, inu mwalimva bwinobwino, yankho lake mukulidziwa, koma pakamwa pakungotuluka "eee… actually… eee". Kunja kukuzizira koma inu thukuta lili kamukamu.

Ndiye kuti pafomu paja munanama? Mwina ayi. Kungoti mawu akuti "ndimadziwa Chingerezi" amabisa zinthu zambiri. Akatswiri ofufuza mmene anthu amaphunzirira ziyankhulo amati kudziwa chiyankhulo ndi maluso angapo, ndipo luso lililonse lili ndi makwerero ake. Mutha kukhala pamwamba pa luso lina uku pa lina muli pansi. Mukadziwa pamene mwaima pa luso lililonse, mudziwanso chimene chikufunika kukonza. Tigwiritsa ntchito Chingerezi chifukwa ndi chimene nonse mukulimbana nacho tsiku ndi tsiku, koma zimene tinene pano zimagwiranso ntchito pa Chifalansa, Chipwitikizi, Chiswahili ngakhale Chitchaina.

Maluso anayi, osati limodzi

Maluso ake ndi awa: kumva, kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba. Kumva ndi kuwerenga ndi maluso olandira, chifukwa mawu amachokera kwa wina n'kufika kwa inu. Kuyankhula ndi kulemba ndi maluso otulutsa, chifukwa mawuwo muyenera kuwapeza nokha m'mutu mwanu.

Maluso amenewa sakulira pamodzi. Taganizirani za mayi wa geni amene amakaoda katundu ku Mbeya kapena ku Dar es Salaam. Chiswahili amachimva, amanenerera mitengo, amakangana ndi kondakitala, koma mutampatsa nyuzipepala ya Chiswahili kuti awerenge nkhani ya bajeti, mwina sangapite nayo patali. Mbali inayi kuli mwana wa Fomu 3 amene amakhoza bwino chimangirizo cha Chingerezi, koma mlendo akamufunsa njira ya kuchipatala amangoloza ndi chala. Onsewa akudziwa chiyankhulo, koma aliyense akudziwa mbali yake.

Ngakhale anthu otchuka zimawachitikira. Joseph Conrad, mlembi wa mabuku a Chingerezi amene amawerengedwa m'mayunivesite mpaka lero, anali wa ku Poland ndipo Chingerezi anachiphunzira bwino atapitirira zaka 20. Polemba anali katswiri, koma poyankhula katchulidwe kake kanakhalabe kachilendo mpaka imfa yake mu 1924.

N'chifukwa chake mayeso a Chingerezi a IELTS, amene mayunivesite ambiri a ku Britain, Australia ndi maiko ena amafuna kwa ophunzira ochokera kunja, amayesa maluso anayiwa padera. Luso lililonse limalandira malikisi ake, ndipo apamwamba kwambiri ndi 9. Munthu atha kupeza 7 pa kuwerenga koma 5 pa kuyankhula. Mayeso athu a Chingerezi a MSCE ndi olemba papepala. Satifiketi ya MSCE simungaipeze osakhoza Chingerezi, zimenezo n'zoona, koma giredi imene mupeze ikunena za kuwerenga ndi kulemba kwanu. Za pakamwa panu siikunenapo kanthu.

Ndikumva, koma kuyankha kukundivuta. Bwanji?

Dandaulo limeneli ndi la anthu ambiri, ndipo si ufiti kapena umbuli. Mu 1861 dokotala wina wa ku Paris, Paul Broca, anaona wodwala amene ankamva zambiri zimene anthu ankamuuza, koma iye akafuna kuyankhula ankangotulutsa liwu limodzi lokha lakuti "tan". Wodwalayo atamwalira, Broca anapima ubongo wake n'kupeza kuti unawonongeka mbali ya kumanzere, chakutsogolo. Mu 1874 dokotala wa ku Germany, Carl Wernicke, anafotokoza za odwala osiyana ndi ameneyu. Iwo mawu ankatuluka mosadodoma koma osamveka mutu wake, ndipo zonena za anzawo ankavutika kuzimva. Ubongo wawo unawonongeka chakumbuyo, cha pamwamba pa khutu la kumanzere. Masiku ano asayansi akudziwa kuti chiyankhulo chimagwiritsa ntchito mbali zambiri za ubongo zolumikizana, osati ziwiri zokhazi. Komabe zimene madokotala awiriwa anaona zinaonetsa kuti kumva ndi kuyankhula si ntchito imodzi.

Kumva kumapepuka chifukwa ndi kuzindikira chabe. Zili ngati kukumana ndi munthu pamsika n'kudziwa kuti nkhope iyi ndinaionapo. Kuyankhula kuli ngati kufunsidwa dzina la munthuyo. Pamenepo ubongo uyenera kulowa m'nkhokwe n'kukalifukula. Poyankhula Chingerezi mumachita zinthu zingapo nthawi imodzi: kuganiza chimene mukufuna kunena, kupeza mawu ake, kuwasanja motsatira galamala, kulamula lilime ndi milomo, kenako kudzimvetsera ngati mwalakwitsa. Pa Chichewa zonsezi zimangochitika zokha chifukwa mwazichita kambirimbiri kuyambira muli kumsana. Pa Chingerezi zambiri mumazichita mochita kuganizira, ndipo mbali ya ubongo imene imasunga zinthu zimene mukuziganizira panthawiyo ndi yaing'ono. Imanyamula zinthu zochepa basi. Mukawonjezerapo mantha akuti anzanga andiseka, manthawo amadyanso malo omwewo. N'chifukwa chake mawu amene anakuthawani pamaso pa aphunzitsi amabwera okha mukufika pageti.

Tiyeni tiwerengere pang'ono. Tiyerekeze kuti m'kalasi mwanu muli ana 60 ndipo piriyodi ya Chingerezi ndi mphindi 40. Aphunzitsi atakhala chete piriyodi yonse n'kukugawirani nthawiyo mofanana, aliyense angayankhule masekondi 40. Mukachita zimenezi masiku 5 pasabata kwa masabata 39, aliyense wayankhula maola awiri ndi mphindi 10 chaka chonse. Kumvetsera mwamvetsera maola 130. Ndiye n'zodabwitsa kuti khutu lili patsogolo, lilime lili m'mbuyo?

Wofufuza wa ku Canada, Merrill Swain, anaona zofanana ndi zimenezi m'zaka za m'ma 1980. Ana ochokera m'mabanja oyankhula Chingerezi amene ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa kwa zaka zambiri ankamva Chifalansa bwino kwambiri, koma poyankhula ndi polemba galamala inkawavutabe. Swain anati chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti anawo sankakakamizika mokwanira kutulutsa okha ziganizo zathunthu. Munthu amazindikira chimene sakudziwa pamene wayesa kunena n'kukakamira.

Makwerero a masitepe 6

Popeza mawu akuti fluent aliyense amawamva mwakemwake, bungwe la Council of Europe linatulutsa muyeso mu 2001 umene anthu amaufupikitsa kuti CEFR. Lero ukugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, ngakhale kunja kwa Ulaya. Muyesowu sufunsa kuti mwaphunzira zaka zingati kapena mwamaliza mabuku angati. Umafunsa kuti ndi chiyankhulochi mungathe kuchita chiyani. Uli ndi masitepe 6.

A1 ndi poyambira. Mumatha kupereka moni, kunena dzina lanu ndi kumene mumakhala, kufunsa mtengo wa chinthu. Mumamva ngati winayo akuyankhula pang'onopang'ono ndipo ali wokonzeka kubwereza.

Pa A2 mumatha zinthu za tsiku ndi tsiku: kugula, kufunsa njira, kufotokoza za banja lanu m'ziganizo zifupizifupi. Kucheza kwa nthawi yaitali kumakutopetsani.

Pa B1 mutha kuyenda nokha m'dziko la eni chiyankhulo osasowa chonena. Mumafotokoza zimene zinakuchitikirani dzulo, zimene mukufuna kudzachita, ndi zifukwa zake mwachidule. Zolakwa zilipo ndithu, koma anthu amakumvani.

Pa B2 mumacheza ndi mwini chiyankhulo popanda wina kuvutika. Mumatha kutsutsana naye pa nkhani, kupereka ubwino ndi kuipa kwa chinthu, ndiponso kumva mfundo zikuluzikulu za nkhani yovuta.

Pa C1 mumawerenga nkhani zazitali zovuta n'kumva ngakhale zimene mlembi sanazitchule poyera. Poyankhula simuchita kusakasaka mawu moonekera, ndipo mumadziwa kusintha kayankhulidwe malinga ndi malo.

Pa C2 pafupifupi chilichonse chimene mwamva kapena kuwerenga mumachimvetsa mosavuta, ndipo mumatha kusiyanitsa matanthauzo oyandikana kwambiri. C2 sikutanthauza kuti mwasanduka mzungu. Ndi mlingo wa munthu wophunzira amene chiyankhulo chikumumvera.

Mayeso akuluakulu amalumikizidwa ndi makwerero amenewa. A Chifalansa otchedwa DELF amayesa kuyambira A1 mpaka B2, ndipo DALF amayesa C1 ndi C2. Pa IELTS, malikisi a pakati pa 5.5 ndi 6.5 amagwera cha pa B2, ndipo mayunivesite ambiri a ku Britain amafuna 6.0 kapena 6.5 kwa olowa digiri yoyamba. Tingoti B2 ndi chitseko chenicheni kwa amene akulota zodzaphunzira kunja.

Chofunika kukumbukira n'chakuti masitepewa amatalikirana mukamakwera. Bungwe la Cambridge English limayerekeza kuti munthu woyambira pansi amafunika maola ophunzira pafupifupi 200 kuti afike pa A2, 350 mpaka 400 kuti afike pa B1, 500 mpaka 600 kuti afike pa B2, ndi 1,000 mpaka 1,200 kuti afike pa C2. Poyamba munthu amaona kusintha sabata iliyonse. Akafika pakati amayamba kuona ngati waima. Sanaime, kungoti sitepe yatalika.

Chingerezi cha pabwalo ndi cha m'buku

Pafupifupi kalasi iliyonse ili ndi mnyamata kapena mtsikana amene Chingerezi chimangoyenderera pakamwa ngati wa pa wailesi, koma zotsatira za Bayoloje zikabwera ali kumunsi. Iliponso ndi wina wofatsa, woyankhula modukizadukiza, amene amakhala nambala wani. Mu 1979 Jim Cummins, wofufuza wa ku Canada, anasiyanitsa mitundu iwiri ya kudziwa chiyankhulo: chiyankhulo chochezera ndi chiyankhulo cha maphunziro. Poona ana amene anasamukira ku Canada kuchokera kumaiko ena, anapeza kuti chochezera ankachigwira m'zaka ziwiri kapena kuchepera, koma kuti afanane ndi anzawo pa chiyankhulo cha m'kalasi pankapita zaka 5 mpaka 7.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pocheza mumathandizidwa ndi nkhope ya mnzanu, manja ake, ndi zinthu zimene nonse mukuziona. Mawu ake ndi omweomwewo obwerezabwereza. M'buku mulibe nkhope. Muli ziganizo zazitali ndi mawu ngati however, whereas, consequently, amene pabwalo la mpira simungawamve. Funso la mayeso likati describe, lina explain, lina compare, likufuna mayankho atatu osiyana. Mwana atha kuidziwa bwino nkhani ya mmene mtima umapopera magazi koma n'kutaya malikisi chifukwa cha liwu limodzi loyambirira la funso.

Nanga mawu ofunika ndi angati? Paul Nation wa ku Victoria University of Wellington ku New Zealand anawerengera zimenezi mu 2006. Iye amawerenga mawu m'mabanja, kutanthauza kuti help, helps, helpful ndi helpless ndi banja limodzi. Kuti munthu awerenge momasuka popanda dikishonale, amafunika kudziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 alionse a patsamba. Nation anapeza kuti kufika pamenepo powerenga nyuzipepala kapena buku la nkhani kumafuna mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000, ndipo pomvetsera zoyankhula kumafuna 6,000 mpaka 7,000.

Mwina mukuti 98 yachuluka, 80 pa 100 siyokwana? Pa mayeso 80 ndi distinkishoni, eti? Tengani tsamba la mawu 300. Mukadziwa 98 pa 100, mawu achilendo ndi 6 okha, ndipo ambiri mutha kuwalota poona ziganizo zowazungulira. Mukadziwa 80 pa 100, achilendo ndi 60, kutanthauza liwu limodzi pa mawu asanu alionse. Pamenepo simukuwerenganso, mukungopunthwa.

Za L ndi R zija

Palibe chimene ana asukulu amasekana nacho kuposa katchulidwe. Wina akangoti "let us play" pamene amafuna kunena "let us pray", kalasi yonse ili gwedegwede ndi phwete. Koma nkhaniyi inayamba musanayambe n'kuyenda komwe.

Mu 1984 Janet Werker ndi Richard Tees ku Canada anayesa makanda a m'mabanja oyankhula Chingerezi. Anawamvetsera maliwu awiri a m'Chihindi, chiyankhulo cha ku India, amene kwa munthu wamkulu woyankhula Chingerezi amamveka ngati "ta" yemweyo. Makandawo anawaphunzitsa kutembenuza mutu liwu likasintha, ndipo akalondola kachidole kankayaka n'kuyamba kusewera. Makanda a miyezi 6 mpaka 8 ambiri ankamva kusiyanako. Pofika miyezi 10 mpaka 12, ambiri anali atasiya. Ubongo wa mwana umaphunzira msanga maliwu amene ali ndi ntchito m'chiyankhulo cha pakhomo, ndipo kusiyana kumene kulibe ntchito umayamba kukunyalanyaza.

M'Chichewa mulibe mawu awiri amene amasiyana tanthauzo chifukwa cha L ndi R pokha. Polemba timangotsatira lamulo lakuti R amabwera pambuyo pa i kapena e, monga mu kulira ndi kulera. Munene kuti "kulila" kapena "kulira", aliyense amva kuti misozi ikutuluka. Choncho ubongo wanu unaika maliwu awiriwa m'thumba limodzi, ndipo unachita bwino. Anthu a ku Japan ali ndi vuto lomweli pa chifukwa chomwechi. N'chimodzimodzinso ndi mavawelo. Chichewa chili ndi 5, pamene Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu a mavawelo pafupifupi 20. N'chifukwa chake ship ndi sheep, kapena hat, hut, heart ndi hurt, amamveka ofanana kwa ambiri a ife. Komanso maphatikizo a Chichewa amathera ndi vawelo, n'chifukwa chake tinapanga sukulu, buledi ndi basi.

Mzungu wophunzira Chichewa nayenso amaona zakuda. Kusiyanitsa phala ndi pala kumamuvuta, ng'ombe imamukanika, ndipo mtengo womera ndi mtengo wa pamsika kwa iye ndi liwu limodzi, pamene inu mumamva kukwera ndi kutsika kwa mawu mosachita kuganiza.

Khutu limaphunzitsika ngakhale munthu atakula. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza a ku Indiana University ku America anaphunzitsa akuluakulu a ku Japan kusiyanitsa L ndi R powamvetsera mawu awiriawiri ngati right ndi light, onenedwa ndi anthu osiyanasiyana, n'kumawauza nthawi yomweyo ngati alondola. Patapita masabata ochepa anayamba kumva bwinopo. Inunso mutha kuchita zimenezi ndi mnzanu. Koma cholinga chikhale choti anthu akumveni, osati kuti muzimveka ngati munabadwira ku London. Makwerero a CEFR aja salamula kuti munthu ataye katchulidwe ka kwawo kuti afike pamwamba.

Kodi mwachedwa?

Mwina munamvapo kuti chiyankhulo chimalowa munthu akadali mwana. Muli choonadi ndithu, makamaka pa katchulidwe. Koma kafukufuku wina wamkulu ali ndi uthenga wabwino kwa anthu a msinkhu wanu. Mu 2018 Joshua Hartshorne, Joshua Tenenbaum ndi Steven Pinker anatulutsa zotsatira za mayeso a galamala ya Chingerezi amene anthu pafupifupi 670,000 anayankha pa intaneti. Anapeza kuti mphamvu yophunzirira galamala mwachangu imakhalabe yaikulu mpaka zaka 17 kapena 18, kenako imayamba kutsika. Anapezanso kuti amene amafika pofanana ndi eni chiyankhulo pa galamala kawirikawiri ndi amene anayamba asanapitirire zaka 10, ndiponso kuti amene ankakhala pakati pa oyankhula Chingerezi ankaposa amene ankangochiphunzira m'kalasi. Akatswiri ena amatsutsa mmene atatuwa anawerengera zaka zimenezi, koma onse amavomereza kuti akuluakulu nawonso amaphunzira ziyankhulo mpaka kufika pa C1 ndi C2. Chimene mungatolepo n'chakuti zaka muli nazo panopa ndi zabwino kwambiri pa ntchito imeneyi. Musadikire kuti ndidzayamba ndikadzapita kukoleji.

Kutalika kwa ulendo kumadaliranso kumene mukuchokera. Sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la America, Foreign Service Institute, inanenapo kuti munthu woyankhula Chingerezi amafunika maola a m'kalasi 600 mpaka 750 kuti agwire Chifalansa kapena Chipwitikizi mofika pogwira nacho ntchito, pafupifupi 900 pa Chiswahili, ndi 2,200 pa Chitchaina, Chiarabu kapena Chijapani. Manambalawa ndi a munthu wochokera ku Chingerezi. Kwa inu Chiswahili ndi chapafupi: nyumba ndi nyumba, moto ndi moto, nyama ndi nyama, maji ndi madzi, ndipo magulu a maina amagwira ntchito mofanana ndi a kwathu. Chingerezi ndiye chakutali. Ngati chikukuvutani, si kuti mutu wanu ndi wouma. Mukuyenda mtunda wautali, ndipo ambiri mwa inu mukuuyenda mutanyamula kale Chichewa, mwinanso Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga.

Dziyeseni nokha sabata ino

Kudziyeza ndi maganizo chabe kumanamiza. Amantha amadziika pansi kuposa pamene ali, odzidalira amadzikweza. Ndi bwino kudzipatsa ntchito yeniyeni pa luso lililonse.

Pa kumva, mvetserani nkhani za Chingerezi pa wailesi kwa mphindi zisanu, kenako mufotokozere mnzanu m'Chichewa mitu itatu imene mwamva ndi tsatanetsatane wake. Mukatero yesani wailesi ya kunja ngati BBC, muone ngati katchulidwe kachilendo kakukusokonezani.

Pa kuwerenga, tengani nkhani ya m'nyuzipepala, muwerenge mawu 100 oyambirira, n'kudula mzere kunsi kwa liwu lililonse limene simungalimasulire. Akakhala awiri kapena kuchepera, nkhani za mlingo umenewo ndi zanu. Akapitirira asanu, pezani zopepukirapo kaye kuti muziwerenga zambiri mosatopa.

Pa kuyankhula, bwerekani foni mudzijambule mawu kwa mphindi ziwiri mukufotokoza mmene mbewu imamerera. Musalembe kaye. Pomvetsera, werengani kuti mwaima kangati posowa liwu, ndipo lembani mawu amene anakusowaniwo.

Pa kulemba, lembani kalata ya mawu 150 yopempha malo a ntchito popanda dikishonale, muisunge masiku awiri, kenako muiwerenge ngati yalembedwa ndi munthu wina.

Mukatero bwererani ku makwerero aja mudzipatse sitepe pa luso lililonse. Musadabwe mukapeza kuti kuwerenga kuli pa B2 koma kuyankhula kuli pa A2. Ambiri amene anaphunzira chiyankhulo m'kalasi amakhala choncho.

Mukapeza pofooka, chitani chiyani?

Luso limakula ndi ntchito yake yomwe. Kuloweza malamulo a galamala sikungamasule lilime, monganso kuonera mpira sikungakuphunzitseni kumenya penate. Ngati chofooka ndi kuyankhula, pezani mnzanu mmodzi amene simuchita naye manyazi, mugwirizane mphindi 15 tsiku lililonse za Chingerezi chokhachokha, mwina pobwerera kunyumba. Njira ina yothandiza ndi kufotokoza nkhani imodzimodziyo katatu, koyamba mphindi 4, kachiwiri 3, kachitatu 2. Pofika kachitatu mudzaona kuti mawu akubwera okha, chifukwa ubongo sukuwafukulanso koyamba.

Pa mawu atsopano, dzifunseni mafunso m'malo mongowerenga mndandanda mobwerezabwereza. Mu 2008 Jeffrey Karpicke ndi Henry Roediger anapatsa ophunzira a kukoleji ku America mawu 40 a Chiswahili ndi matanthauzo ake. Onse anawaphunzira mpaka kuwadziwa. Ena anapitiriza kufunsidwa mawu onse mobwerezabwereza, ena liwu akangolikhoza kamodzi sankafunsidwanso. Patatha sabata, ofunsidwa mobwereza aja anakumbukira pafupifupi 80 pa 100, pamene enawo anakumbukira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ngakhale amene anapitiriza kuwawerenga. Ndiye dulani timapepala, kutsogolo liwu la Chichewa, kumbuyo la Chingerezi ndi chiganizo chimodzi. Dzifunseni lero, mawa, pakatha masiku atatu, kenako pakatha sabata. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zimene taphunzira timaziiwala m'maola ndi m'masiku oyambirira, ndiponso kuti kubwereza motalikitsa nthawi kumaposa kupanikiza zonse usiku umodzi.

Werenganinso zambiri zimene zikukusangalatsani, kaya ndi nkhani za mpira, kaya timabuku ta m'laibulale, bola zikhale zoti mawu ambiri mukuwadziwa. Mawu 8,000 aja palibe mphunzitsi angakulembereni onse pabolodi. Ambiri mudzawatola powerenga.

Ndipo musataye Chichewa poganiza kuti chikutsekereza Chingerezi. Cummins yemwe uja anaonetsa kuti zimene munthu wazimvetsa m'chiyankhulo chake zimawolokera ku chiyankhulo chachiwiri. Ngati mungafotokozere agogo anu m'Chichewa chifukwa chake feteleza amafunika chinyontho, ndiye kuti sayansiyo mwaimva, chatsala ndi mawu a Chingerezi basi. Ngati simungathe, vuto si Chingerezi chokha.

Tsono fomu ija ikadzafika m'manja mwanu, mudzalembe zimene mungathe kuziikira umboni: Chichewa, chiyankhulo chobadwa nacho, Chingerezi, kuwerenga ndi kulemba B2, kuyankhula B1, Chifalansa, A1. Ngati simunalembe mayeso ovomerezeka, onjezerani kuti mwadziyesa nokha. Wolemba ntchito amene wakumanapo ndi ma fluent ambirimbiri osowa chonena pa intavyu adzaona kuti uyu akudzidziwa. Pakali pano, bwerekani foni ija, mujambule mphindi ziwiri zanu zoyamba, ndipo muzisunge. Mudzazimvetserenso teremu ikamatha.